Mwana wa mbale wake wa Walt

Ntchito ya mkulu woyang'anira makatuni sioneka pa filimu. Sagwira pensulo. Yake ndi kusankha nthano yoti ijambulidwe, kupeza ndalama, ndiponso kupirira zaka zitatu kapena zinayi pamene ojambula mazana akukonza zithunzi zoyenda 24 pa sekondi iliyonse.

Mwa akuluakulu oterewa, ine ndimasirira Roy E. Disney, mwana wa mchimwene wake wa Walt Disney. Mu 1984 kampani ya banja lawo inali itafooka. Iye anathandiza kubweretsa Michael Eisner ndi Frank Wells kuti aitsogolere, ndipo yekha anapempha dipatimenti ya makatuni, imene ena ankaiona ngati munda woguga. Chaka chotsatira katuni ya The Black Cauldron inaluza ndalama, ndipo chaka chomwecho ojambula anasamutsidwa ku Burbank kupita m'nyumba zosungiramo katundu ku Glendale. Wina akanataya mtima pamenepo.

Roy sanagwedezeke. Mu 1989 kunatuluka The Little Mermaid, mu 1991 Beauty and the Beast, katuni yoyamba kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse. Mu 1994 kunatuluka The Lion King, imene ana athu amaionerabe mpaka lero. Roy anamwalira mu 2009.