Mawu awiri a Tambudzai: luso la Dangarembga pa nkhani ya kukula kwa mtsikana

Nthano yaitali ya kukula, kutanthauza buku lolondola munthu kuchokera ku ubwana mpaka atazindikira dziko, si yachilendo m'Chichewa, pakuti Nthondo ya Samuel Ntara, yomwe inatuluka mu 1933, imatsata mnyamata wopulupudza mpaka atatembenuka mtima. Koma Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, m'buku lake la Nervous Conditions la 1988, anaupereka ulendowu kwa mtsikana, ndipo sanaumalize ndi kulapa kapena mtendere wa mumtima.

Luso lalikulu la bukuli lagona pa wofotokoza nkhani, yemwe ndi Tambudzai atakula, akusimba za Tambudzai wamng'ono, kotero kuti owerenga amamva mawu awiri nthawi imodzi: a mwana wolakalaka sukulu amene analima chimanga n'kukagulitsa ku Umtali kuti apeze fizi, ndi a mayi amene akudziwa mtengo wa chikhumbocho. Mwayi wokaphunzira ku mishoni kwa bambo ake aakulu, Babamukuru, unamugwera chifukwa mlongo wake Nhamo anamwalira, ndipo iye amavomera poyambirira penipeni kuti imfayo sinamumvetse chisoni. Motero mlembi sachita kulalikira za kutsutsidwa ndi chikumbumtima, koma amakuluka m'tsatanetsatane wa nkhani, pakuti kukwera kulikonse kwa mtsikanayu kumamutalikitsa kwa mayi ake otsala kumudzi.

Ubwenzi wake ndi Nyasha, mwana wa Babamukuru amene anakulirako ku England, ndiyo njira yachiwiri imene mlembi amayesera mpangankhani wake, ndiye kuti munthu amene nkhani yatsamira pa iye. Pamene Tambudzai amamvera ndi kuthokoza, Nyasha amafunsa ndi kutsutsa, mpaka kudwala matenda okana chakudya. Ndipo Tambudzai atapeza malo ku sukulu ya asisitere ya Sacred Heart, amatanganidwa ndi maphunziro n'kuleka kuyankha bwino makalata a mnzakeyo pa nthawi imene akufunika koposa.

Wowerenga wa ku Phalombe angaone kusiyana kofunika, chifukwa Babamukuru ndi bambo wamkulu m'banja lotsata kuchimuna, pamene pakati pa Alomwe mbumba imatsata kuchikazi, mwamuna amakakhala chikamwini, ndipo mawu pa ana amakhala ndi amalume. Komabe ngongole ya mwana wophunzitsidwa ndi wachibale ndi yomweyo, makamaka popeza maphunziro aulere amene anayamba mu 1994 anali a pulayimale okha, ndipo ambiri opita ku sekondale ankadalira thumba la m'bale. Mlembi wofuna kulemba za mtsikana wa m'tsinde mwa phiri la Michesi angaphunzirepo kuti nkhani yotere imalimba pamene wothandiza sali chilombo, mnzake sali chokongoletsera, ndipo mtsikanayo waloledwa kufuna zazikulu ngakhale zikupweteka ena.