Mitsinje Iwiri m'Mabuku a Tolkien

Mlembi akalenga dziko longopeka, ntchito yake yaikulu imakhala yokhutiritsa owerenga kuti m'dzikomo mudakhaladi anthu. J.R.R. Tolkien, mphunzitsi wa ku yunivesite ya Oxford, adachita zimenezi pogwiritsa ntchito nthano zofotokoza malo. Mitsinje iwiri ya m'mabuku ake ikuonetsa kusiyana kwa malo okhala ndi nthano ndi malo opanda nthano.

Mtsinje woyamba uli m'buku la The Hobbit la mu 1937. Mtsinjewu ndi wa madzi akuda ndipo umadutsa m'nkhalango ya Mirkwood. Beorn akuchenjeza Bilbo ndi anzake kuti asamwe kapena kusamba madziwo, chifukwa amagonetsa ndi kuiwalitsa. Powoloka, Bombur akugweramo, nagona masiku angapo anzake atamunyamula, ndipo podzuka waiwala zonse za pa ulendowo. Nkhaniyi ndi yoseketsa, koma mlembi sakunena chimene chidalodza madziwo. Mtsinjewu wangokhala chopinga basi, ndipo apaulendo akangoupitirira wowerenga nayenso amauiwala.

Mtsinje wachiwiri ndi Nimrodel, m'buku la The Fellowship of the Ring la mu 1954. Apaulendo asanu ndi atatu akufika pamtsinjewu ali pa chisoni, mtsogoleri wawo Gandalf atagwera kuphompho m'migodi ya Moria. Madzi ake akuchotsa kutopa kwa Frodo, ndipo iye akumva ngati mawu a munthu woimba m'mathithi. Apa ndi pamene Legolas, wa mtundu wa ma Elf, akuimba nthano ya mtsinjewo.

Nthanoyo ikuti m'mbali mwa mtsinjewo munkakhala namwali dzina lake Nimrodel. Choipa china chitadzuka m'mapiri, anthu ambiri a mtundu wake adathawa. Iye adasochera m'mapiri a kummwera, osafika pagombe pamene bwenzi lake Amroth ankamudikira m'chombo. Namondwe atakankhira chombocho pakati pa nyanja, Amroth adadziponya m'madzi kuti abwerere kumtunda, ndipo onse awiri sadaonekenso. Chotsala ndi mawu a namwaliyo m'mathithi, ndi a Amroth amene amabwera ndi mphepo ya kummwera. Madzi a Nimrodel amathira mu Celebrant, Celebrant mu Anduin, ndipo Anduin amakathira m'nyanja momwe Amroth adazimirira. Akulu adati madzi saiwala khwawa: mtsinjewu ukutsata njira imene mwini dzina adalephera kuimaliza.

Luso la mlembi lagona pa zinthu ziwiri. Choyamba, nthanoyi ndi yoduka. Legolas akulekeza nyimbo panjira, navomera kuti zambiri adaiwala. Umu ndi momwe nthano zenizeni zimafikira kwa zidzukulu, ndipo kuperewerako kukuchititsa dziko lopekali kuoneka lakale. Chachiwiri, nthanoyi ikukanda bala lakale. Legolas atanena kuti ma Dwarf, anthu aafupi okumba migodi, ndiwo adadzutsa choipacho, Gimli wa mtunduwo akuyankha msanga kuti iwo sadachilenge. Choncho nthano ya mtsinje yasanduka mlandu pakati pa mitundu iwiri, ndipo anthu amene akuyenera kuyenda limodzi akukumbutsana zolakwa za makolo awo.

Chofooka chilipo. Pamalo pano Nimrodel salankhula yekha. Amadziwika ndi kukongola kwake ndi kusowa kwake basi. Nthanoyo sikufotokozanso chifukwa chimene madziwo amachotsera kutopa. Komabe cholinga chake si kulongosola mphamvu ya madzi ayi. Anthu amene angotaya mtsogoleri akumva za ena amene adatayana kalekale, ndipo akuona kuti wosowa amakhalabe pakati pa amoyo malinga ngati dzina lake likutchulidwa.

Mtsinje wa ku Mirkwood umalanda munthu chikumbumtima cha zimene wadutsamo, pamene wa Nimrodel umasunga mbiri ya anthu amene adapita. N'chifukwa chake wachiwiriwu ndi umene umatsala m'mutu mwa wowerenga buku likatsekedwa.