Mabuku a Nthara: Tiyambe ndi Liti?

Makolo ambiri a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi amadziwa dzina la Samuel Josia Nthara, mphunzitsi uja wobadwa m'chaka cha 1905, koma ana awo sanagwirepo buku lake ndi limodzi lomwe. Nanga wofuna kuwawerengera madzulo ayambe ndi liti?

Ife tikuti ayambe ndi Nthondo, buku la 1933, limene linapata mphotho, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Likulondola munthu mmodzi kuchokera m'chikuta kufikira kumanda: mwana wamasiye, mbala, wapaulendo, kenaka mfumu. Nkhani yotere mwana amaimva msanga. Chilema chake n'chakuti kutembenuka mtima kwa Nthondo kukudza mofulumira, ngati mlembi akuthamangira kumaliza ulaliki. Koma miyambo ya kubadwa ndi ya maliro anaijambula ndi diso la mwini mudzi.

Lachiwiri likhale Msyamboza, mbiri ya mfumu ya kwa Chibanzi, m'boma la Dowa momwemo, imene inamwalira mu 1926. Apa sitilinso m'nthano ayi. Uyu ndi munthu weniweni, amene anaona nkhondo za Angoni, malonda a minyanga ndi kufika kwa Azungu.

Mbiri ya Achewa isungidwe kumapeto. Maina a mafumu, monga Kalonga, Undi ndi Mwase, ndi ochuluka, ndipo amalemetsa wongoyamba kumene. Koma amene wayenda kale ndi Nthondo ndi Msyamboza adzapeza m'menemo mizu ya anthu amene wawazolowera.

Tsono ngati limodzi la mabukuwa likugona m'bokosi la agogo, litulutseni chiswe chisanalimalize.