Bwalo la Malinowski

Pali kaphunzitsidwe kena m'masukulu akulu a ku Ulaya kamene Azungu amati seminar. Mau awa acokera ku Cilatini, ndipo tanthauzo lace ndilo nazale ya mbeu. Mphunzitsi saima pa bolodi ai. Akhala pagome pamodzi ndi ophunzira amene anapambana kale mayeso oyamba a yunivesite. Mmodzi awerenga zimene walemba, ndipo anzace amtsutsa monga acitira akulu pabwalo la mirandu.

Bwalo lomveka la mtundu uwu linali la Bronisław Malinowski, wa ku Poland, pa London School of Economics m'zaka za m'ma 1930. Anali kusonkhana Lacinai kukamba za miyambo ya mitundu ya anthu. Pagome limenelo panakhala Audrey Richards, amene anafufuza za Abemba, ndi Fei Xiaotong wa ku China, ndi Jomo Kenyatta, Mkikuyu.

Ife amene tinazolowera ana ovomera onse pamodzi cimene tanena, tiyamika cinthu ici. Kale za Akikuyu zinali kukambidwa ndi alendo. Pagome paja mwini mwambo anali kudziyankhira yekha, ndipo buku lace, Facing Mount Kenya, la 1938, linamera m'nazale yomweyo.

Koma tiri nalo dandaulo. Malinowski anali kuceza ndi ophunzira ace kunyumba kwace, ndipo ena anali kuwaitana kukapuma naye ku mapiri a Oberbozen. Cifundo ndithu, koma kodi munthu amene wasamba m'manja ndi kudya kwa mfumu dzulo, adzaitsutsa bwanji pabwalo lero? Ndiponso ndalama za Rockefeller, zimene zinatumiza ambiri a iwo ku Afirika, zinali kupita kawirikawiri kumene mphunzitsiyo analoza cala. Evans-Pritchard, amene anayambana naye, nchito anakaipeza ku Cairo mu 1932.

Cizindikiro ca mphamvu iyi ticiona m'buku la Kenyatta lomwe. Mau oyamba analemba ndi Malinowski, ndipo miyambo ya Akikuyu iikidwa monga iye anaphunzitsa, uli wonse wolumikizana bwino ndi unzace, ngati kuti m'midzimo munalibe mikangano. Pamene Kenyatta afika pa nkhani ya minda imene Azungu analanda, pamenepo mau ace atentha, ndipo masamba amenewo ndiwo tiwakhulupirira koposa.