Buku la Markopolos ndi Alonda a Cuma

Mwezi uno ndifuna kuti tiyese pamodzi buku lina la Cingerezi, dzina lace No One Would Listen, ndiko kunena kuti panalibe wofuna kumva. Analilemba Harry Markopolos, katswiri wa masamu a malonda wa ku Boston m'dziko la America, ndipo linaturuka m'caka ca 2010. Nkhani yace inacitikira kutali ndi midzi yathu, koma idzamveka kwa yense amene anaikizapo ndalama m'manja mwa mnzace.

Ku New York kunali munthu wochuka, Bernard Madoff, amene analandira ndalama za anthu, nalonjeza kuti adzawagulira magawo a makampani, ndiwo masheya, kuti zibale phindu. Koma sanagula kanthu. Ndalama za wobwera lero ndizo anapatsa wa dzulo, nazicha phindu. Ndipo pa makalata a anthuwo analemba cuma cimene kunalibe, cofika madola mabiliyoni 65. Tsono Boma la America liri nalo bungwe la alonda a malonda otere, Securities and Exchange Commission, limene linakhazikidwa m'caka ca 1934. Nchito yace ndiyo kulandira madandaulo, kuitanitsa mabuku, kulumbiritsa mboni, ndi kutengera wonyenga ku bwalo la milandu. Koma mphamvu ya kuika munthu m'ndende iri ndi ena.

Mu 2000 Markopolos anauza alondawo kuti phindu limene silitsika, ngakhale msika ugwe, silingakhale loona. Anabwereza mu 2001, ndipo mu 2005 anawalembera zizindikiro za cinyengo pafupi 30. Komabe Madoff anakhala mfulu kufikira December 2008, ndipo si alondawo amene anamtulukira iai: ndalama zinamthera, naulula kwa ana ace amuna, ndiwo anakamneneza.

Kufikira apa bukuli linena zoona, ndi mkwiyo woyenera. Koma pa zinthu ziwiri ndilitsutsa. Coyamba, wolembayo adziika pakati pa nkhani kopitirira muyeso. Atifotokozera za mantha ace, za mfuti imene ananyamula, za kusuzumira kunsi kwa galimoto yace. Koma amasiye ndi nkhalamba zotaya zao zonse awapatsa malo ocepa.

Caciwiri ndico cacikuru. Wowerenga atseka bukuli ali kuganiza kuti alondawo anali opusa cabe, ndi kuti cimo lao linali kucedwa. Ine sinditero. Kucedwa pa kokha sikutsutsa woweruza. Mlandu wa cinyengo ca ndalama umatha zaka ngati ziwiri usanafike ku bwalo, pakuti mapepala acuruka, ndipo kuneneza munthu wosalakwa kungagwetse nyumba yace pamodzi ndi onse osungitsa momwemo. Tidziwa tonse kuti mau a mboni imodzi sakwanira, makamaka ngati mboniyo icita malonda opikisana ndi wonenezedwa, monga anacita Markopolos poyamba.

Colakwa cinali pena. Mu 2009 H. David Kotz, woyang'anira macitidwe a bungwe lomwelo, anasanthula nchito ya anzace, napeza kuti kuyambira 1992 anafika madandaulo 6 omveka bwino, ndi kuti alondawo analowa kasanu m'nkhani za Madoff. Sanapeza kuti wina analandira ciphuphu. Cimene anapeza ndi ici: anali kufunsa Madoff yemweyo, nakhulupira mayankho ace, ngakhale pamene anatsutsana okha okha. Kunali nyumba ina, Depository Trust Company, yosunga kaundula wa masheya ogulidwa ndi ogulitsidwa. Mu May 2006 Madoff anawapatsa nambala yace ya kumeneko, nabwerera kwao ali kuyembekeza kugwidwa m'masiku owerengeka, monga ananena yekha pambuyo pace. Iwo sanakafunsa. Anafanana ndi akuru a mpingo amene awerenga buku la msungi wa copereka caka ndi caka, nayamikira kukongola kwa dzanja lace, osatsegula bokosi. Ndipo ine ndaona akuru abwino ndithu akucita manyazi kupempha kiyi, cifukwa msungiyo ndi munthu wa imvi. Madoff nayenso anali nayo imvi yotere, pakuti anakhalapo wapampando wa msika wa NASDAQ, ndipo ambiri mwa omfunsa anali osazolowera malondawo.

Cinyengo citaululika, ciweruzo sicinacedwa: mu June 2009 anamweruza zaka 150, ndipo anafera m'ndende mu 2021. Kubweza cuma ndiko kunatenga zaka zoposa khumi. Irving Picard, woikidwa ndi bwalo, anasonkhanitsa madola oposa mabiliyoni 14 mwa 17 ndi theka amene anthu anatayadi. Wodziwa Cingerezi awerenge buku la Markopolos, pakuti likoma. Koma aike pambali pace kalata wa Kotz, wosakoma ndi wotalika, amene aonetsa bwino pomwe alondawo anaphonya.