Nyimbo zozizira ndi mawu a agogo athu

Sabata ino ndi gawo langa, ndipo ndabwera ndi nkhani ya nyimbo. Ena mwayamba kale kufunsa kuti za nyimbo zalowa bwanji pagulu la zolembalemba. Dekhani, nkhaniyi ifika pakhomo panu, makamaka inu alakatuli amene mumatiponyera ndakatulo zojambula pafoni zili ndi kanyimbo kozizira kumbuyo.

Nyimbo ndikunenazi ndi zimene eniake amazitcha ambient ndi downtempo. Amazipanga pakompyuta ndi pakiyibodi. Mu ambient nthawi zambiri mulibe ng'oma, mulibenso woyimba. Mumangomva kulira kwa kiyibodi kutayala ngati nkhungu ya m'mawa paphiri la Kaning'ina, kwinaku timawu ta piyano tikudontha patalipatali. Downtempo ng'oma ili nayo, koma yoyenda mwaulemu, kugunda ka 70 mpaka ka 100 pa mineti imodzi, pomwe amapiano timamva m'maminibasiwa amayambira cha m'ma 110.

Amene anatchukitsa dzina la ambient ndi Brian Eno wa ku England, yemwe mu 1978 anatulutsa chimbale chotchedwa Music for Airports. Ganizo linamubwerera ali pabwalo la ndege la ku Cologne ku Germany, atanyansidwa ndi nyimbo zimene ankaika m'malo otero. Anadula matepi otalika mosiyanasiyana n'kuwalumikiza kuti azingozungulira, choncho mawu ake amakumana pena, n'kusiyana pena, osabwereza ndendende. Cholinga chake chinali chakuti munthu akhoza kuimvetsera mwatcheru, akhozanso kuinyalanyaza, zonse n'kukhala bwinobwino. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa kukoma kwa nyimbozi ndi kuperewera kwake zonse zatuluka pamenepo.

Musaganize kuti izi n'zakutali. Ife tinazizolowera kale, kungoti dzina sitinkalidziwa. Mnyamata wa pakiyibodi uja amene amagwira mawu amodzi osawasiya abusa akamapempherera odwala, akuyimba ambient. Kanyimbo kamene kamamveka pansipansi wolengeza pawailesi akamawerenga uthenga wachisoni, ndi mtundu womwewo. Pitani m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche dzuwa likamalowa, mukaipeza downtempo ikulira chapansipansi azungu akuyang'ana madzi. Ngakhale amapiano ali ndi nthambi yake yofatsa imene amaitcha private school, ya anthu ngati Kelvin Momo wa ku South Africa.

Nanga zimakoma pati? Ndiyankhe ngati munthu wa mumsika. Msika wa Mzuzu sugona phokoso: uku wogulitsa mankhwala a makoswe watchera kasipika kobwereza mawu amodzimodzi tsiku lonse, uku mlaliki, uku anyamata obena nyimbo akupikisana masipika, kudepoti oitanira akukuwa za Ekwendeni ndi Karonga. Aliyense akufuna khutu lako, ndipo ambiri akufunanso ndalama yako. Ukafika kunyumba madzulo mutu uli wiii, n'kutsegula kope la ngongole, nyimbo ya mawu imasokoneza chiwerengero. Nyimbo yozizirayi siipikisana nawe. Siikulalikira, siikunyoza amayi, siikuitanitsa chopereka. Imangoyala mphasa kuti maganizo akhale pansi. Amene munakwerapo basi ya usiku yopita ku Songwe kukapikula katundu, mtima uli m'mwamba pa zikhotakhota za Chiweta, ndalama ya mpamba ili m'chiuno, mukudziwa kufunika kwa chinthu chotsitsa mtima.

Chachiwiri n'chakuti kubwerezabwereza kwake si kwachilendo m'makutu mwathu. Nyimbo yotonthoza mwana imabwereza. Musi mumtondo umabwereza. Ng'oma za vimbuza, gule wochiritsa wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, zimabwereza mpaka wodwala alowe m'dziko lina. Makolo athu ankadziwa kale kuti kugunda kobwereza kumagwira thupi la munthu. Ndiye wina akati nyimbo zozizira n'zaulesi chifukwa zimangozungulira pamodzimodzi, ine ndimakana. Kusankha timawu tinayi tokha timene munthu angatimve ka 50 osatopa nato ndi luso, ngati mmene kuthira mchere wokwanira m'ndiwo kulili luso.

Koma tsono malire ake alipo, ndipo ndi atatu amene ndawaona.

Oyamba: nyimbozi n'za munthu mmodzi ndi mahedifoni ake. Pa vimbuza mudzi wonse umakhalapo, amayi akuwomba m'manja ndi kuvomera nyimbo, wodwala akudziwa kuti sali yekha. Pamaliro timayimba tonse mpaka kucha. Koma ambient simungaiyambitse kuti anzanu avomere. Mukaizimitsa, yesani kuing'ung'udza, mupeza kuti yasungunuka ngati mame. Pa YouTube pali mawayilesi ngati Lofi Girl amene amaliza nyimbo zotere usana ndi usiku, ndipo munthu atha kumvera maola atatu osadziwa dzina la woyimba ngakhale mmodzi. Imatonthoza, inde, koma ngati panado: mutu waleka, chimene chinaupweteka chikadali pomwepo.

Achiwiri ndi anu alakatuli. Kanyimbo kozizira kumbuyo kwa ndakatulo kamauza womvera kuti amve chisoni mlakatuli asanatsegule n'kamwa komwe. Ndiye mupeza kanyimbo komweko kali pansi pa ndakatulo ya njala, kali pansi pa ya chibwenzi chotha, kalinso pansi pa yoyamikira amayi. Zonse zimamveka ngati maliro amodzi. Ife mumsika timadziwa kaunjikidwe ka tomato: wonyezimira pamwamba, wofewa pansi. Piyano ija nthawi zambiri ndi tomato wapamwamba, ikubisa mizere yofooka. Chichewa chili ndi nyimbo yakeyake m'kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu. Ndi kamvekedwe kokha kamene kamasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu. Mlakatuli wodziwa ntchito amayimba ndi mawu akewo, ndipo kiyibodi ikakwera kwambiri imaphimba nyimbo imeneyo. Yesani izi: lakatulani popanda chilichonse kumbuyo. Ndakatulo ikaima yokha, mutha kuiveka kanyimbo. Ikagwa, bwererani ku cholembera.

Achitatu ndi amene akundilemera kwambiri. Opanga nyimbo zozizira amakonda kutenga mawu a anthu akumudzi ojambulidwa kalekale n'kuwaika pamwamba pa kiyibodi. Mu 1992 gulu la ku France lotchedwa Deep Forest linatulutsa Sweet Lullaby, imene inamveka dziko lonse. Mawu ali m'menemo ndi a mayi wina dzina lake Afunakwa wa ku Solomon Islands, amene anajambulidwa ndi katswiri wofufuza za nyimbo Hugo Zemp cha m'ma 1970. Nyimbo yake ndi yotonthoza mwana wamasiye amene akulira makolo ake. Dzina la mayiyo silinalembedwe pachimbale, ndipo ambiri ankangoganiza kuti ndi nyimbo ya m'nkhalango za pakati pa Africa. Gulu la Enigma nalo linaika mawu a Difang ndi Igay Duana, banja lachikulire la ku Taiwan, mu Return to Innocence, eniake osadziwa. Nkhaniyo inafika kukhoti, n'kudzatha ndi mgwirizano mu 1999.

Ifenso mawu a makolo athu ali m'nkhokwe za ena. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za Atonga, Atumbuka, Achewa, Ayao ndi Amang'anja: za pamtondo, za bangwe, za kalimba. Zonsezo zili ku International Library of African Music, nkhokwe imene iye anaiyambitsa mu 1954, yomwe pano ili pa Rhodes University ku South Africa. Mu 2016 kunatuluka chimbale cha Beating Heart Malawi, m'mene akatswiri a nyimbo za pakompyuta monga Rudimental, Machinedrum ndi Luke Vibert anatenga zojambula za Tracey n'kuzipanganso. Zina n'zovinira, zina n'zodekha.

Tinene chilungamo, awa sanachite za chiwembu. Anadzera pakhomo, ananena poyera kumene nyimbozo zachokera, ndipo phindu analilonjeza ku ntchito zothandiza anthu kuno kwathu. Achinyamata ambiri anamva koyamba za Tracey chifukwa cha iwo, ndipo pambuyo pake anatulutsanso chimbale cha Faith Mussa, Kalilima, mu 2019. Paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Komabe funso langa lili pa kapangidwe ka nyimbo zoterezi, kaya wapanga ndi mzungu kaya ndi mnyamata wa ku Chibavi. Nyimbo ya pamtondo inali bwalo la milandu la amayi. M'menemo mkazi ankadzudzula mwamuna woledzera, apongozi ovuta, mkazi mnzake wa pamitala, kapena bambo amene anapita ku Joni n'kuiwala kwawo, ndipo mudzi wonse unkamva n'kudziwa amene akunenedwa. Mphamvu yake inali m'mawu. Tsono wopanga downtempo akadula kachidutswa ka masekondi atatu, n'kukabwereza, n'kukathira mamvekedwe a m'phanga, chimatsala ndi chiyani? Kamawu kokoma ka mayi wosadziwika. Dandaulo lija latha, mkwiyo uja wasanduka chogonetsa tulo. Mlendo ku London akumva mtendere, chikhalirecho agogo akulira kuti mwamuna wawo wagulitsa chimanga chonse. Kumeneko ndi kugula usipa n'kutaya nsomba, n'kusunga fungo.

Ndiye ndikuti chiyani? Nyimbo zozizira tizimvera ndithu, zili ndi ntchito yake, ndipo ine sindizisiya. Koma tisazipatse ntchito imene sizingathe. Kwa anyamata ndi atsikana amene muli ndi timasitudiyo ku Luwinga, ku Area 25 kapena ku Ndirande, mwayi muli nawo woposa wa anthu a ku London, chifukwa inu mawuwo mumawamva. Chigayo chafika pafupifupi mudzi uliwonse, mtondo ukulira mwa apo ndi apo, ndipo amayi odziwa nyimbo zake akutha. Pitani ku Embangweni, ku Usisya, ku Ntchisi, mukawajambule akadali moyo. Mukawapemphe kaye, mukalembe dzina lawo ndi mudzi wawo pa nyimboyo, mukalembetse ku COSOMA kuti kakabwera kangachepe nawonso alawe. Ndipo pokonza, lolani gogoyo amalize chiganizo chake. Kiyibodi ikhale pansi ngati mphasa, mwini mawu akhale pamwamba. Nyimbo yodekha imene ikunenanso kanthu ndi yotheka. Bangwe ndi kalimba zakhala zikuchita zimenezo kuyambira kale.

Ndikusiyireni mafunso awiri a mu ndemanga. Alakatuli, ndani angatiponyere ndakatulo yake kawiri, ina ndi kanyimbo ina yopanda, kuti tiweruze tokha? Ndipo nonse, ndi nyimbo iti ya pamtondo imene munaimva kwanu, ndipo inkanena ndani? Mukailemba mutchulenso dera lake.