Oimba osalipidwa m'makwaya a Ayuda

M'masunagoge a Ayuda otsata mwambo wakale, pa Sabata simulira limba kapena choimbira china chilichonse. Chazan, yemwe amatsogolera mapemphero moimba, akayamba kukweza ndi kupinda mawu mmene mtima wamuuzira, m'masunagoge ena amadalira kwaya yomwe yaima pambali pake. Oimbawo amang'ung'udza atatseka pakamwa, osakwera osatsika, mpaka iye amalize. Mpweya wa munthu suchedwa kutha, ndiye sapumira pamodzi. Wina amaba mpweya mnzake akadakoka, n'kulowanso mwakachetechete, moti wopemphera kumbuyo sazindikira kuti panali mpata. Besi ikangotsetsereka pang'ono, chazan pobwerera apeza nyimbo yasamuka.

Luso lotere silibwera ndi mawu okoma okha. Limafuna munthu amene wakhala pamzere womwewo zaka zambiri, wodziwa kapumidwe ka woyandikana naye. Ndipo m'makwaya ambiri a Ayuda, makamaka oimba kunja kwa sunagoge, anthu otere salandira kanthu. Masana ali ku ntchito zawo, madzulo akukaphunzira nyimbo. Zemel Choir ya ku London, yomwe a Dudley Cohen anayambitsa mu 1955, ndi Zamir Chorale of Boston ya a Joshua Jacobson, ya mu 1969, zafika lero chifukwa cha anthu ongodzipereka.

Amene ndimawagomera kwambiri ndi osamala mapepala a nyimbo. Chiheberi chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, pamene manotsi amayenda mosemphana nacho. Vutoli ndi lakale. Nyimbo 33 za Salamone Rossi wa ku Mantua zitasindikizidwa ku Venice cha mu 1623, liwu lililonse linalembedwa mwa Chiheberi, koma mawuwo anandandalikidwa motsata manotsi, kotero diso la woimba linkapita kutsogolo uku likubwerera m'mbuyo. Masiku ano ambiri amangogwiritsa zilembo zachilatini, koma mutu sunaleke kuwawa. Louis Lewandowski, katswiri wa ku Berlin amene anamwalira mu 1894, ankalemba motsata kalembedwe ka Chijeremani ndi katchulidwe ka Ayuda a kumeneko. Malo ambiri amene iye anaika "s", Chiheberi cha ku Israel lero chimati "t". Theka la kwaya likatsekera mzere ndi "s", theka lina ndi "t", ngakhale mwana amva kuti pasokonekera. Choncho pamafunika wina wokhala pansi ndi pensulo, kukonza pepala ndi pepala, kufufuta zomwe woimba wa chaka chatha analembamo, n'kuwerenganso ngati onse abweza. Ntchito yotopetsa, ndipo pa tsiku la konsati m'manja amawombera wotsogolera.

N'chifukwa chake kwaya ikaimika pulogalamu kuti itchule mayina a amene atumikira nthawi yaitali, ine sindiona ngati kutaya nthawi. Mwambo umene anthuwa amasunga, wa anthu wamba kusonkhana kuti aimbe m'Chiheberi ndi m'Chiyidishi, unakula ndi kwaya ya Hazomir, yomwe inayamba ku Łódź m'dziko la Poland mu 1899, n'kudzathetsedwa ndi chipululutso cha Anazi. Mu 1999, patatha zaka 100, oimba a Zamir Chorale of Boston aja ananyamula mapepala awo n'kukaimba mumzinda womwewo.